Masenti Asanu ndi Anayi

Amayi ku Chilomoni amauza anzawo
kuti ndimakonza magetsi ku Joni.
Sindiwatsutsa,
ngakhale sindinakwerepo pholo,
ngakhale pulayala imandigwa m'manja.
Ndimakhala pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri ku Braamfontein
ndi mafayilo olemera ngati mwana woyamba kukwawa,
kuwerengera kuti yuniti imodzi igulidwe zingati.

Lachiwiri tinapita ku holo ya ku Alexandra
kukamva anthu.
Juni anali atalowa kale m'mafupa.
Bambo wa kukampani anaimirira ndi zithunzi zake:
thiransifoma yomwe inaikidwa atate anga asanamere ndevu,
mawaya a mkuwa omwe anyamata amafukula usiku
ngati akukumba mbewa.
Anapempha masenti asanu ndi anayi pa yuniti.
Sananame.
Ndinali nditawerengera ndekha, kawiri.

Kenako mayi Seipati,
amene amaotcha mapazi a nkhuku pa siteji ya matakisi,
anatulutsa timalisiti ta mayunitsi
tomanga ndi labala.
Anati firiji yawo yafa kachitatu chaka chino,
osati pozima magetsi ayi,
koma pobwera:
amabwera ngati mlamu woledzera,
kuthyola chitseko, kuponda ana.
Nawonso sananame.

Ali pakati polankhula, babu linaphethira, n'kutsinzina.
Holo yonse inaseka
kuseka kwa anthu odziwana ndi mdima.
Mafoni anayaka mmodzimmodzi,
ndipo mayiwo anapitiriza osasintha mawu.
Ine ndinalemba zonse pa bondo,
mizere ikukwerana.

Mpando wanga uli pamenepo,
pakati pa zoona ziwiri zosapatsana moni.

Pobwerera pa M1 ndinaona madenga a kumpoto
atavala magalasi a sola, akunyezimira.
Opeza bwino akuchoka pa waya mwakachetechete
monga amachokera anthu pa maliro chakudya chikatha,
ndipo ngongole ya bokosi
imatsalira omwe alibe kothawira.
Zimenezi masamu anga amazidziwa,
koma alibe mzere wozilembapo.

Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu.
Mnansi akakupatsa maungu
umaikamo ngakhale mtedza wodzaza dzanja.
Ndikufuna waya wophunzira mwambo umenewu,
wodziwa kupita ndi kubwera,
kuti denga la sukulu ya ku Alex
lizigulitsa dzuwa lake Loweruka ana kulibe,
kuti mita izinena yokha pamene pakupweteka
isanafike ponunkha utsi,
kuti mphepo ya kutali ku Kapa
ifike mu ketulo ya mayi Seipati
osafunsidwa chiphaso pa msewu.

Maloto otere salembedwa ndi mawu okoma.
Amalembedwa kuti: ndime 14, gawo lachitatu,
"pokhapokha ngati", "pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi".
Mnzanga Mduduzi amati ndimakonda makoma
kuposa mmene ndimakondera anthu.
Sadziwa kuti koma mmodzi akasochera
msewu wathunthu umagona ndi makandulo.

Usiku ku Turffontein, nditafunda bulangete,
laputopu itatsala ndi mpweya wochepa,
ndinalemba masenti asanu ndi awiri,
ndi lamulo loti thiransifoma ya pa siteji ija
isinthidwe chisanu china chisanafike.
Mwina komiti idzafufuta.
Inafufutapo kale zina zabwino kuposa izi.
Bambo wa kukampani adzandiyang'ana ngati ndamubera,
mayi Seipati ngati ndawagulitsa,
ndipo palibe adzadziwe dzina langa, Tiyamike Chimphamba,
lomwe lili m'munsi mwa tsamba 212.

Foni inalira. Amayi.
"Kuno azima chiyambire m'mawa. Nanga kumeneko aliko?"
Ndinayang'ana pa zenera:
milu yachikasu ya m'migodi itasanduka mithunzi,
jenereta ya Msomali wa pa kona ikutsokomola.
"Akubwera, Amayi."
Sindinamalize n'komwe,
firiji kukhitchini inakonza kukhosi
n'kuyamba kung'ung'udza.
Ndinathamanga kukaizula pakhoma,
kudikira kaye ndione
ngati wabwera ali bwinobwino mlamu uja.