Akavalo Si Anga

Akavalo si anga.
Ndineneretu, mungandiyese bwana.
Anga ndi manja awa, ndi mluzu
umene Nthanda amaudziwa ngakhale ali kutsidya kwa dambo.

Anabwera Lachisanu masana,
anthu asanu ndi atatu a ku ofesi ina ya mumsewu wa Cairo,
nsapato zikununkhabe sitolo.
Mayi Tisaine, owerengera ndalama, anaima patali:
“Kodi amaluma?”
Ndinati, “Amaluma wonama yekha.”
Onse anaseka, koma abwana awo anabisa manja m’thumba.

Ndinamanga zishalo, ndinawakweza mmodzimmodzi
ngati matumba a chimanga odziwa kudandaula.
Phula linathera kumbuyo kwathu.
Tinalowa m’mapiri a Shantumbu,
mombo utavala masamba ofiira a Seputembala,
ziboda zikugogoda miyala, gu, gu,
ine wapansi patsogolo, chingwe kumanja,
udzu wouma ukundiluma m’akakolo.

Pamsasa zikhomo za matenti zinapindika ndi thanthwe.
Bambo Zindaba anakwera chulu, foni m’mwamba,
kupempha netiweki ngati mvula.
Sinagwe.
Kutada, Lusaka yense anayalika kumunsi,
makala ofalikira pabwalo.
Anayamba kulozerana: uko ndi ku Chilenje, uko Kabwata.
Kenaka chigawo china chinathima, bii!
“Ndi kwathu kumeneko,” ndinatero. “Ku Bauleni.”
Wina anandipatsira soseji.

Usiku pakati ndinadzuka kukawerenga.
Asanu ndi awiri.
Chingwe cha Nthanda chili lende pamtengo, chopanda mutu.
Mtima unatsikira m’mimba:
malipiro anga a zaka zitatu akuyenda okha m’thengo.

Ndinaimba mluzu. Zii.
Kumbuyo kwanga tochi: Mayi Tisaine, atafunda bulangeti.
“Tulo sitikubwera. Tiyeni tonse.”
Tinatsata ndowe ndi udzu wogona,
kutsika khwawa, kukwera,
mpaka utsi unatilandira m’mphuno.

Chaka chatha pano panali msuku
umene Nthanda ankadzikanda nawo khosi.
Lero zitsa zokhazokha, zoyera ngati mano,
ndi uvuni wa makala ukufuka m’mbali.
Iye ali chiimire pachitsa chakecho,
ndipo kamnyamata, malaya akuda ndi mwaye,
kakumusisita manyenje ndi dzanja limodzi,
lina litagwira chitsononkho chotha kale.

“Sindinabe,” kanatero. “Wabwera yekha.”
Dzina lake Yobe.
Amagona pamenepo kulondera uvuni ungabooke.

Ndinali nawo mawu, ndinawakonzera m’njira,
mawu a nkhalango, a mitengo yosabwerera.
Koma soseji ija inapsa ndi chiyani?
Mbaula ya mkazi wanga imadya chiyani
magetsi akathima?
Ndinawameza onse. Anali owawa ngati khungwa la muwanga.

Mayi Tisaine anavula bulangeti, anamufunditsa mwanayo.
Kenaka, osafunsa aliyense,
anaika chikhatho pamphuno ya Nthanda.
Kavalo anapumira m’dzanja lawo, mpweya wotentha,
iwo anatseka maso.
Sindikudziwa chimene anawerengera pamenepo.

Lamulungu tinatsika.
Matako owawa, nthabwala zambiri,
abwana akulonjeza kuti abweranso mvula ikatha.
Mafoni anadzuka onse pamodzi titafika pa phula,
kulira ngati anapiye.
Galimoto zinawatenga.

Ndinasambitsa akavalo, ndinapachika zishalo,
ndinatseka khola la eni ake.
Kwathu ndinapita wapansi, monga mwa masiku onse.
Pamphambano njinga inandipitirira,
matumba anayi a makala, mwamuna akupalasa choimirira.
Ndinayang’ana matumbawo mpaka anakhota.
Limodzi mwina ndi msuku uja.

Pakhomo mwana wanga ananunkhiza malaya anga,
anathothola ubweya woyera pamkono,
nkuusunga m’bokosi la machesi.