Dzina Lodyedwa ndi Chiswe

Ku Gowa, kuseri kwa tchalitchi,
Bambo Kadzamira anatsegula kabati
ndi kiyi wa loko ya njinga.
Anati, musanyowetse chala ndi malovu.

Makatoni atatu a sopo.
M'menemo timabuku topyapyala ta masamba eyiti:
kaumbidwe ka njerwa, malamulo a mizere,
chenjezo kwa opita ku Joni,
mtengo wa mbatatesi kobiri lisanathe ntchito.
Mapini ake anachita dzimbiri
nasiya timadontho tofiira ngati nsikidzi zotswanyidwa.

Ndinkafuna Lifeyo, atate a amayi anga.
Kwathu ku Kandeu timangoti anatchona.
Chithunzi tilibe. Manda tilibe.
Anasiya sutikesi yopanda chogwirira
ndi mphuno ndanyamulayi.

Tsiku loyamba ndinapeza chimfine.
Lachiwiri, a Lifeyo atatu:
wina mlaliki, wina anamwalira ali khanda,
wina anagulitsa ng'ombe yodwala kwa mphunzitsi.

Lachitatu dzuwa litapendeka,
pa tsamba lomaliza la kabuku ka zopereka,
mmunsi mwa mayina a azungu:
"Lifeyo Nd..., wa ku Kandeu,
watumiza masheleni anayi kuchokera ku Wanki,
akuti mugulire sileti mwana wake Esinati."
Chiwongo chake chiswe chinadya.

Esinati ndi amayi anga.
Sileti saikumbukira.
Ndinawaimbira foni ndili pakhonde,
mvula ikutsetsereka m'mapiri.
Anakhala duu, ndinayesa mayunitsi atha.
Kenaka:
"Tawerenganso. Pang'onopang'ono.
Wati anatchula dzina langa?"