Dzanja Lamanzere

Lamlungu madzulo ku Fresno, koleji ili zii.
Utsi wa moto wa m'mapiri wafiiritsa dzuwa,
kunja kwa mzinda mphesa zagona pamapepala
pakati pa mizere, zikuuma mwakachetechete.
Ine ndili m'chipinda 214
ndi makiyi obwereka ndi khofi amene wazizira kale.

Mipando makumi atatu ndi iwiri. Ndawerenga kawiri.
Umodzi ukugwedera, ndapinda kapepala, ndaika pansi pa mwendo.
Zolembera pabolodi zilipo zisanu ndi chimodzi, zinayi zinauma.
Awa ndiwo masamu oyamba a chaka
ndipo palibe adzandichongere.

Makina okopera mapepala atafuna silabasi yanga kawiri.
Sabata yachitatu, tizigawo.
Yachisanu, x uja wobisa nkhope.
Yachisanu ndi chiwiri, mayeso,
nyengo imene galimoto zimafa zonse tsiku limodzi
ndipo azakhali ena amamwaliranso kachiwiri.
Ndasiya tsiku limodzi lopanda kanthu, lopumira.
A kudipatimenti sakudziwa.

Chondichedwetsa ndi mndandanda wa maina.
Ndikuwatchula mokweza, mipando ikumva:
Kaying Moua. Delfina Quiroz. Harsimrat Dhaliwal.
Lilime lapunthwa, ndabwereza mpaka lawongoka,
poti dzina la munthu saphunzirira pamaso pa mwini wake.
Kenako, mzere wotsiriza: Efraín Zamudio.

Kachitatu tsopano.
Chaka chatha ankalowa fungo la mapichesi lili m'malaya,
atachezera usiku kufakitale yolongedza zipatso,
n'kukhala pafupi ndi khomo ngati wodikira basi.
Mabokosi olowa m'lole ankawawerengera pamtima
ine ndisanatsegule n'komwe kakyuleta,
koma ndikangoika chilembo pamalo pa nambala
nkhope yake inkatsekeka ngati sitolo ya patchuthi.
Pepala lake lomaliza analembapo dzina lokha
ndi timawu pansi: Pepani, Mayi Terzian.
Likadali m'dirowa. Sindidziwa ndikulisungiranji.

Bambo Gurdial akudutsa ndi chikolopa.
"Mpaka Lamlungu, aphunzitsi? Manambala aja asintha?"
Sanasinthe, ndatero. Wasintha ndine.
Zaka khumi ndi zinayi zandiiwalitsa
mmene kusadziwa kumawawira.

Ndiye ndakhala pampando wogwedera uja,
pensulo ndaigwira ndi dzanja lamanzere,
ndayamba funso loyamba la mawa.
Seveni watuluka ngati ndodo yothyoka.
Mzere wogawira wakhota, watsetsereka.
Eyiti wagwa chammbali, wasanduka chizindikiro cha zopanda malire,
ndipo kalasi ya chizindikiro chimenecho ili patsogolo ndi zaka ziwiri.
Thukuta m'chikhatho. Mphindi zinayi, mzere umodzi.
Mutu ukuidziwa njira, dzanja likukana,
manyazi akwera m'khosi, afika m'makutu,
chonsecho wondiona ndi Gurdial yekha,
amene mwaulemu watembenukira kuzenera.

Zimene ndinakonza zoyambira ndafufuta.
Malamulo a foni, maperesenti a magiredi,
zonsezo zidikire Lachitatu.
Pabolodi ndalemba ndi lamanzere lomwelo,
zilembo zili dzandidzandi:
Lole imodzi. Mapaleti 20. Mabokosi 1,080.
Ndiuzeni zimene mukudziwa kale.
Sindikonza. Aone kuti nanenso ndili ndi dzanja lotere.

Mwina sabwera.
Mwina shifiti yasintha, mwina analembetsa chabe
kuti amayi ake asiye kufunsa.
Komabe mpando wa pakhomo ndaukankhira mkati,
mapazi awiri okha, kuti asazindikire.
Gurdial waona, wakolopa mouzungulira, sanaubweze.

Ndazimitsa magetsi, ndakiya.
Panja phulusa lopyapyala lagwera pagalasi la galimoto,
ndalembapo ndi chala 54, ndafufuta msanga
ngati kuti wina angaonere.
Ndili pamaloboti a Blackstone ndakumbuka:
zolembera zija sindinagule zina.