Kiyi wa Lamya

Anabwera Lachiwiri, mvula itangokata,
mnyamata wa chipewa chachikasu, dzina lake Tiyese.
Anakwera mzati uja unapendekeka pampanda wa a Chikopa
n'kudula waya kamodzi kokha.
Zaka makumi atatu ndi zinayi zinagwera pankhwani wanga
ngati chingwe choyanikapo zovala.

Akuti, Mayi musadandaule,
akuba anatha kale kopa yense kuyambira ku Matawale,
wotsala ndi yemwe mukumuonayu.
Anandisiyira kabokosi koyera ka maso atatu obiriwira
kophethira usiku wonse ngati kali ndi mlandu.

Iwe wakuda, wolemera ngati mwala wa m'Likangala,
ndinakunyamula pansalu yako yoluka ndekha
n'kukuika kukhutu. Zii.
Ngakhale kamkonono kaja kanali katapita,
kaja kankandiuza kuti dziko lili maso.

Mzere wonse wa nyumba za boma unali wekha.
Ukalira, ana ankabalalika opanda nsapato:
Kaitaneni Abiti Saizi, aimbanso pakatha mphindi khumi!
Ankabwera manja ali thovu la sopo
n'kukhala m'mphepete mwa mpando,
ife n'kunamizira kusesa pabalaza
kuti timve ngati kwa Jali kwagwa zovuta kapena kwabadwa mwana.
Chinsinsi chinalibe pobisala,
koma panalibenso wolira yekha.

Bambo a ana, a Namakhwa, anagula kaloko kumsika
n'kukhoma pa nambala wani, kiyi n'kumapita naye kuofesi.
Esinala ndi mlongo wake anaphunzira kugogoda pogonekera paja,
ta-ta-ta, ta-ta, mpaka Blantyre kuyankha.
Bilu itafika tinadya bonya mwezi wathunthu.
Wolakwa sanapezeke mpaka lero.

Magetsi akathima, phiri lonse lili bii,
iwe unkalirabe mumdima.
Umo ndi mmene unandipezera usiku uja wa mu Juni,
namwino wa kuchipatala chachikulu akufunsa,
Kodi ndi kwa a Namakhwa kumeneko?
Ndinakulunga chingwe chako chopotana kuchala
mpaka chala chinachita dzanzi.
Chaka chathunthu sindinakukhululukire,
komabe fumbi ndinkakupukuta.

Tsopano Esinala akaimba ndimamuona nkhope
ali kukhitchini kwake kutsidya kwa nyanja zamchere.
Mdzukulu amandionetsa pomwe lachoka dzino.
Sindikana, n'zokoma zimenezi.
Kungoti mawu amaduka pakati,
nkhope n'kuuma kukamwa kuli yasa,
ine n'kumazungulira mtengo wa mapeyala dzanja lili m'mwamba
ngati wopempha mvula,
kusaka netiweki yomwe phiri lameza.
Mayunitsi akatha, chibale chimadikira penshoni.

Kale munthu ankaimbira nyumba,
n'kucheza ndi aliyense amene wayankha,
kufunsa za chifuwa cha mwana, za denga lodontha.
Lero aliyense ali ndi yake m'thumba.
Abiti Saizi anamva za mwana wawo wa ku Joni
ali okha kuseri kwa bafa.
Ife, khoma limodzi, tinadziwa mawa lake.

Nambala ya mwana wanga sindiidziwa pamtima,
kachipangizoka ndiko kamasunga.
Yako ndingaitchule ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku,
nambala yopanda khomo tsopano.

Tiyese anafunsa ngati angakutenge,
akuti alipo amene amagula zakale.
Ndinati akusiye.
Dzulo, pokonza jekete ya malemu, kiyi uja anagwa pansi, ngwee.
Ndinatsekula kaloko,
n'kulowetsa chala pa ziro, n'kuzungulitsa mpaka kumapeto.
Gudumu linabwerera lokha, pang'onopang'ono,
ngati mayi wotsika phiri ndi mtolo wa nkhuni,
wosathamangira aliyense.
Ndinazungulitsanso.