Kabotolo Kochokera ku Chingodzi

Kanafika Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo.
Ndinakakalandira ndekha ku bwalo la ndege,
bokosi loyera ndili nalo pamiyendo mu chopela.
Pa mlatho tinapeza mzere wa malole,
Zambezi pansi akuyenda mosafulumira,
ine ndikumva ayezi akusungunuka,
dontho lozizira likuboola siketi yanga.

Miyezi isanu yodikira,
mapepala khumi ndi awiri odindidwa,
ndipo m'kati mwa zonsezo
kabotolo kafupi ngati chala cha khanda.
Madzi ake sangadzaze diso la nkhuku.
Jerivaziyo anakakweza ku windo n'kuseka:
ndalama zonse zija, malovu awa?

Papepala alemba kuti anawatenga m'magazi a mbuzi.
Mbuzi yakutali, yosadziwa minga yakuno,
yosaonapo mpeni wa pamsika wa Kwachena.
Asilikali a m'magazi ake
amadziwa nkhope imodzi yokha pakati pa zikwizikwi:
puloteni yogona m'kati mwa mtsempha,
imene ikadzutsidwa
imayamba kugumula nyumba imene ikukhalamo.

Si mankhwala.
Amayi ndawauza katatu pa foni.
Sachiritsa. Amangoloza.

Atate anga, a Zefaniya, telala wa ku Ulongwe,
anaponda makina zaka makumi atatu,
mayunifomu a ana asukulu, madiresi aukwati,
mathumba a mabuluku a ogula mbatata.
Shuga anawayambira ku zala za kumapazi.
Poyamba nyerere.
Kenako moto, usiku wonse mapazi kunja kwa bulangete.
Kenako zii.
Tsiku lina anayenda kuchoka kumsika mpaka kunyumba
singano ili m'chidendene,
anadziwira sokosi itafiira.
Amati, Erimelinda, mapazi awa ndi obwereka,
mwini wake ndi wosadziwika.
Makina ali pakhonde, afundidwa chitenje,
nkhuku imaikira pansi pake.

Mu labotale ndinacheka mtsempha wa khoswe
kupyapyala kuposa khungu la anyezi,
ndinauyala pagalasi,
ndinadonthezapo, mpweya nditaugwira,
n'kuusiya mu filiji kuti ugone.
Pakati pa usiku magetsi anathima.
A Fulujensiyo, mlonda, anakoka chingwe cha jenereta
inatsokomola kawiri, kachitatu inagwira.
Sadziwa chimene anapulumutsa.
Ndinawagulira buledi ndi tiyi.

Kutacha ndinatsuka, ndinadonthezanso, ndinadikira,
ndinatseka makatani, nyali ndinazimitsa,
diso pa maikulosikopu.
Mdima.
Ndinapotoza pang'ono.
Mdimabe.
Kenako ulusi wobiriwira, wowala,
woongoka ngati msoko wa atate pa kolala,
koma cha kumapeto kwake
wayamba kuduka, timikanda timikanda,
monga zimachitira singano ikamalumpha nsalu.

Sindinakuwe.
Ndinajambula, ndinalemba tsiku ndi nambala ya galasi.
Jerivaziyo anasuzumira nthawi yaitali
n'kunena kuti, bwereza mawa,
kamodzi ndi mphekesera chabe.
Ananena zoona, ndipo ndinamukwiyira.
M'kabotolo madzi atsika kale.

Loweruka ndikwera shapa ya m'mamawa,
kudutsa fumbi la malasha ku Moatize,
kukwera mpaka mphepo itayamba kuluma makutu.
Ndikawaonetsa chithunzi pa foni.
Ndikudziwa, akavala magalasi awo omanga ndi waya,
akachiyandikiza kumaso ngati buluku la kasitomala,
akati, apa pamasuka, apa pathetheka,
nanga musoka liti?

Ndikati, tikadafufuza pamene panayambira kung'ambika.
Akagwedeza mutu.
Telala amadziwa kuti ntchito imayambira pamenepo.

Kenako ndikatenga beseni,
madzi ndikawayesa ndi chigongono changa
poti iwo sangamve ngati atenthetsa,
ndikawavula masokosi,
n'kuyang'ana pakati pa zala,
chimodzi chimodzi,
iwo akuyang'ana kumsewu
ngati ndikusambitsa mapazi a munthu wina.