Mzere wa Supuni

Kunja chipale chofewa chakwirira magalimoto a mu Detroit.
Ine ndili m'kachipinda kokhomedwa makatoni a mazira,
pamwamba pa shopu yochapira zovala.
Makina a pansi akamazungulira maikolofoni imanjenjemera,
ndiye Thaddeus, mwini situdiyo, amati tidikire athe kaye.

Kasanu ndi kamodzi ndayamba,
kasanu ndi kamodzi mawu andithawa
pa mzere womwewo, mzere wa supuni.

Lucious, mchimwene wanga, ndakuika m'nyimbo.
Usandide.
Ndaikamo supuni za amayi
zomwe zinkasowa imodziimodzi m'kabati
n'kupezeka kuseri kwa thanki ya m'chimbudzi
zitada kunsi ndi mwaye.
Ndaikamo lamba wako uja, amene sankamanganso buluku.
Amayi ankaziwerenga Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi,
n'kutseka kabati mwakachetechete.
Kwathu kukhala chete ndiye kunali kuyankhulana.

Bambo nawo alimo.
Lachisanu, envulopu ya ku fakitale ya magalimoto
inkafika pakhomo itawonda, iwo atanenepa ndi mowa.
Dzanja limene linagulula dzino la amayi
ndi lomwe linkatsitsa singano pa lekodi
pang'onopang'ono, ngati likugoneka khanda,
ndipo malipenga ankadzaza nyumba,
mwamuna wina akulira kuti amukhululukire,
ife tili pansi pa bedi, tikuwerenga phazi.
Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Kodi ndi pamenepo unaphunzira
kuti ululu ukakula, singano imatonthoza?

Azakhali a Vernetta anandiimbira foni dzana:
Mwana iwe, bongololo sadzolera mafuta pagulu,
za m'nyumba saziimba pa wailesi.
Ndinati chabwino, zakhali.
Koma tinadzola mobisa zaka makumi atatu,
ndipo tinakupeza wozizira pa masitepe,
nsapato imodzi ili kwina,
ambulansi ikubwera osaliza ngakhale belu.

Pamaliro ndinaimba nyimbo ya kwaya, yosalala, yaulemu.
Abusa anati unadwala kanthawi kochepa.
Tonse tinati ameni.
Bodza limenelo landikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Makina aleka.
Woimba limba wagwira kiyi imodzi, yaitali, yonga kubuula,
wa ng'oma akungosisita chikopa ndi timawaya,
ndipo chitseko chatseguka.
Amayi.
Chikhotho chonyowa, chikwama atachikumbatira pamtima,
akwera mabasi awiri usiku uno ndi mawondo awo aja.
Palibe anawaitana.
Akhala pa bokosi la gitala, osavula chipewa.

Ndayamba kachisanu ndi chiwiri.
Ndadutsa Lachisanu, ndadutsa pansi pa bedi,
ndafika poti, supuni khumi zinachoka m'kabati,
ndipo iwo akweza chala
ngati mwana wa sukulu.

Khumi ndi imodzi, akutero.
Ina inali ya tiyi, ya agogo ako, yokhala ndi duwa kuchigwiriro.
Ndinaipereka ndekha.
Ankanjenjemera, Earlene. Ndikanatani?

M'chipinda muli zii.
Tepi ikuzungulirabe, Thaddeus waiwala kuimitsa,
kapena sanaiwale.

Khumi ndi imodzi sikulowa bwino mu mzerewo,
ikupitirira, ikupunthwa pa ng'oma,
koma ndaiimba choncho,
mawu atang'ambika pakati ngati nsalu yakale,
ndipo kumbuyo kwanga, chapansipansi,
wina akung'ung'udza motsatira,
mawu amene sindinawamve chigulukire dzino lija.

Thaddeus wafunsa ngati tibwereze, tikonze pong'ambikapo.
Ayi, asiyeni.

Lucious, ukaimva kumene uliko,
pafupi ndi mapeto pali kaphokoso,
anthu adzayesa ndi belu la wa ng'oma.
Ndi amayi, akutsegula chikwama,
zitsulo zikugundana m'kati.
Anazisunga zonse.