Nangula wa pa Thumba

Ku Aberdeen mvula imagwa chopingasa.
Ndalowera khomo la kuseri, la ife a tsache,
folo koloko m'mawa,
holo ya chionetsero ikadali mtulo.

Gawo langa ndi la kampani ya Dunmarrow:
kapeti wobiriwira, mipando isanu yosakhalika,
mbale ya maswiti okutidwa m'dzina lawo,
ndi khoma lalitali
pomwe apachika nkhope zonse
zimene kampaniyi yavalapo chibadwire.

Poyamba nangula wakuda, wojintcha,
pa chitini cha palafini chodyeka ndi dzimbiri,
chomwe lero chikugona m'galasi
ngati wodwala wa ndalama.
Kenako nangulayo wamera lawi pamutu.
Kenako lawi lokha, nangula atamira.
Chaka chino ndi tsamba,
katsamba kanthete kodontha mame,
koti ukakaona uiwale
kuti mafuta amanunkha.

Morag wati ndisayandikize nsanza yonyowa pa zithunzi.
Wati amene anajambula katsambako
analandira zokwanira kugula nyumba ndi galimoto.
Ndangoti ehe, n'kufinya mopu.

Koma pakona, kumunsi, poti uwerame,
pali chithunzi chotuwa.
Pampu ziwiri, mtengo wa mango, lole ya fodya,
ndi munthu wa ovolosi atagwira paipi,
akumwetulira momwe amamwetulira munthu
wouzidwa kuti mwetulira.
Pathumba pake nangula.
Pansi alemba: Afirika, cha m'ma 1970.
Basi. Afirika yense, dzina palibe.

Bambo anga, a Layisoni Chikhosi,
anathira petulo ku Limbe zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Manja awo ankanunkha dizilo ngakhale pa Mgonero.
Loweruka mayi ankachapa ovolosi ija kumpopi,
ine ndikuyendetsa chala pa ulusi wa nangula,
ndikumayesa ndi khasu la mano awiri.
Ndani akanandiuza za sitima zapanyanja
mwana wa ku Bangwe?
Atapuma ntchito anawapatsa wotchi.
Chifuwa anachitenga okha.

Ndagwada.
Makutu ndi omwewo, otambalala.
Koma chipewa chaphimba maso,
ndipo bambo anali aatali kuposa apa,
kapena ndine ndinali wamfupi.
Mwina ndi wa ku Ndola uyu, mwina wa ku Mombasa,
bambo wa wina amene akukolopa holo ina.
Ndauzira mpweya pagalasi,
ndapukuta ndi mkono wa juzi,
ndauziranso.
Nkhope siikuwonjezeka.

Naini koloko adzafika a masuti,
zitupa zikulendewera m'khosi,
adzaima pansi pa katsamba kugwirana chanza,
kukamba za mphepo, za dzuwa, za mawa loyera.
Palibe adzawerame.
Mawondo a thalauzi zotere sapindika.

Ndamaliza kapeti. Ndatola zikho za khofi.
Ndatenga switi imodzi m'mbale,
malipiro a bambo otsalira,
ndaiyika m'thumba la pachifuwa, kumanzere,
pomwe iwo ankanyamula nangula.

Panja mbalame za kunyanja zikukanganirana tchipisi.
Basi yachedwa.
Kutali, kupyola doko, sitima zaima pamzere,
iliyonse yagwidwa ndi chitsulo chosaoneka
chomwe chili pansi pa madzi, m'matope,
chikugwira ntchito.